Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe wa nkhani za m'tsogolo

A wapampando, a mlembi, a msungichuma, ndi anzanga nonse a m'gulu lathu la owerenga ndi olemba,

Ndabwerako. Poti ambiri simudzapezeka Loweruka likudzali chifukwa cha ukwati uja, ndati ndilembe kuti aliyense awerenge pa nthawi yake. Ndiyambe ndi kuulula: tsiku loyamba ndinafika mochedwa. Minibasi inaphulika tayala titangopitirira Ntcheu, lapadera nalo linali lopanda mpweya. Mwambo wotsegulira unandipita, koma amene analipo akuti zomwe ndinaphonya ndi malonje ataliatali ndi tiyi basi.

Ndiululenso china. Pamene munandisankha ndinavomera mwaulemu chabe. Mumtima ndinkati, nkhani za maloboti ndi mizinda ya m'mitambo zindithandiza chiyani ine mphunzitsi wa Chichewa wa zaka zoposa 50? Ndinkaziona ngati masewera a anthu okhuta. Ndabwerera ndi mtima wina.

Ndinapeza anthu ali mkati mokangana za dzina. Pa Chingerezi nkhani zosonyeza dziko la mawa lolamulidwa mwankhanza amazitcha dystopia. Mawuwa ndi mphwake wa utopia, dzina lomwe Thomas More anapatsa chilumba chongopeka cha ulamuliro wabwino m'buku lake la mu 1516, ndipo pa Chigiriki limatanthauza malo omwe kulibe. Dystopia ndiye malo oipa. John Stuart Mill anawatchula mawuwa m'nyumba ya malamulo ya ku Britain mu 1868 podzudzula momwe boma linkachitira ndi Ireland. Nanga pa Chichewa? Wina anati nkhani za tsoka la mawa. Mnyamata wina anati tingoti disitopiya, monga tinachitira ndi sukulu ndi buku. Mayi wina wa ku Dedza anati nthano za dziko lozondoka, ndipo ine ndinagwirizana naye, chifukwa m'nkhanizi zinthu zimaimadi chadodolido: ozimitsa moto ndiwo otentha mabuku, unduna wa choonadi ndiwo wopeka mabodza, unduna wa mtendere ndiwo woyendetsa nkhondo. Sitinamvane, nthawi ya nkhomaliro ndiyo inatilanditsa.

Masana kunayankhula mayi wina wophunzitsa zolembalemba ku yunivesite. Mfundo yake inali imodzi: mwa olemba nkhanizi mulibe mlosi. Aliyense ankalemba zomwe ankaona pakhomo pake, n'kuzikankhira kutsogolo kuti zionekere patali.

Anayambira ku Russia. Yevgeny Zamyatin anali injiniya wa zombo, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anakagwira ntchito ku Newcastle, ku England, pa zombo zoswa madzi oundana. Anabwerera kwawo mu 1917, chaka chomwe chipani cha Bolshevik, chomwe iye mwini anachimangidwirapo ali mnyamata, chinalanda boma. Pasanathe zaka zisanu anali atalemba buku lomwe mutu wake pa Chichewa tingati "Ife". Anthu a m'menemo alibe mayina, ali ndi manambala. Wofotokoza nkhani ndi D-503. Nyumba ndi zagalasi kuti aliyense azioneka. Ola lodzuka, lodya, loyenda, ngakhale lokhalira malo amodzi mwamuna ndi mkazi, lili pa ndandanda ya boma. Pamapeto boma lipeza opaleshoni yochotsa mu ubongo kachigawo komwe munthu amalotera ali maso. Nkhaniyi anaiika zaka mazanamazana kutsogolo, koma akuluakulu a ku Moscow anadzizindikira nthawi yomweyo. Bukulo linakanizidwa kwawo, linatulukira ku New York mu 1924 litamasuliridwa m'Chingerezi, ndipo a ku Soviet Union analiwerenga mosabisa mu 1988, mwini wake atagona m'manda ku Paris zaka 51.

Kenako George Orwell, amene ena mwa inu munamuwerengapo. Zomwe sindinkadziwa n'zakuti munthuyu nkhanza za boma anaziona ali mbali ya ochita. Anakhala wapolisi wa atsamunda ku Burma kuyambira 1922 mpaka 1927. Anakamenya nawo nkhondo ku Spain, komwe anaona anzake akusakidwa ndi omwe ankati ali nawo mbali imodzi, manyuzipepala akulemba zinthu zomwe sizinachitike. Anagwiranso ntchito ku BBC pa nkhondo yachiwiri. Buku lake la Nineteen Eighty-Four analimalizira pa chilumba cha Jura ku Scotland akudwala chifuwa chachikulu. Linatuluka mu Juni 1949, iye n'kumwalira mu Januwale 1950. Ambiri amakumbukira chikanema cha pakhoma chomwe chimakuona iwe pamene ukuchiona. Mayi uja anati chikanemacho n'chaching'ono. Tiyang'ane ntchito ya Winston Smith, mwini nkhani: amakhala muofesi kulembanso manyuzipepala akale kuti agwirizane ndi zomwe chipani chanena lero, ndipo munthu akagwa dzina lake limafufutidwa paliponse ngati sanabadwe. Tiyang'anenso mnansi wake Parsons, wokonda chipani ndi mtima wonse, amene anamangidwa atamuneneza mwana wake wamkazi wa zaka 7 kuti anayankhula zoipa ali m'tulo. Ngakhale m'chitokosi bamboyo ankanyadira kuti anamulera bwino mwanayo. Ndipo izi, anatero mayiyo, sizinathere m'buku: ku East Germany apolisi achinsinsi a Stasi pofika 1989 anali ndi antchito oposa 90,000, koma akazitape wamba owadyetsa nkhani, aneba, anzako a kuntchito, nthawi zina wa m'nyumba mwako momwe, anali oposa 170,000.

Atangokhala pansi, bambo wina wachikulire, kalaliki wopuma ntchito, anaimirira n'kunena kuti mabukuwa sanawawerengepo koma zonse zanenedwazi akuzidziwa. M'holo munati zii. Kenako zinachita ngati watsegula mpopi. Uyu za khadi la chipani la nthawi ya Kamuzu Banda, kuti popanda ilo sunkalowa mumsika kapena kukwera basi, ayufi a malaya ofiira ataima pachipata, ndipo mayi woyembekezera ankagulitsidwa awiri, lina la wam'mimbayo. Uyu za mayina omwe pambuyo pa 1964 sankatchulidwa pokhapokha powatukwana kuti zigawenga, a Chipembere, a Chiume. Uyu za Meyi 1983, pamene nduna zitatu ndi phungu mmodzi anafera ku Mwanza dziko n'kuuzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto, mpaka kafukufuku wa pambuyo pa 1994 anaonetsa kuti anachita kuphedwa ndi apolisi. Achinyamata ankangotiyang'ana kukamwa yasa, ngati ndife amene tikupeka za m'tsogolo.

Ine sindinayankhule, koma ndinakumbukira ichi. Ndili mu Sitandade 4 ndinakabwereza kusukulu mawu omwe amalume ananena ali pa mowa, odandaula za ndalama ya khadi. Palibe chinachitika. Koma amayi atamva anandikwapula kuposa tsiku lomwe ndinalekerera mbuzi kulowa m'munda mwa eni. Kwa zaka zoposa 40 ndakhala ndikuti amayi anali ankhanza tsiku limenelo. Ndi pa mpando wa pulasitiki ku Lilongwe, ndikumva za kamtsikana ka Parsons, pomwe ndinazindikira kuti anali ndi mantha, ndipo chomwe ankaopa chinali pakamwa panga.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mumve bwino, chifukwa ndi chomwe ndabwera nacho, ndipo ndi maganizo anga osati a msonkhano. Ife takhala tikuti nkhani za mtundu uwu kwathu kulibe. Zilipo, kungoti olemba athu anathawira mbali ina. Lamulo lounika mabuku ndi mafilimu la mu 1968 litakhwima, a m'gulu la olemba la pa Chancellor College, lomwe linayamba mu 1970, sanalumphire ku chaka cha 2500. Anabwerera m'mbuyo, ku nthano. Jack Mapanje anatenga bilimankhwe wosintha mtundu. Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe chikamasamuka chimakokolola midzi, chomwe anthu a ku Zomba amati chinadutsa mu 1946 ndipo a ku Phalombe mu 1991. Mnzathu wa ku Russia anabisa za lero mu za mawa, athuwa anabisa za lero mu za dzulo. Ntchito ndi imodzi: kunena za mfumu mfumuyo ili pomwepo. Ngakhale malipiro ake ndi ofanana, chifukwa olamulira si opusa. Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse. Ndiye pamene agogo athu ankati padangokhala Kalulu ndi Mkango, anali atatiphunzitsa kale theka la luso limeneli. Latsala ndi kulitembenuza kuti liyang'ane kutsogolo.

Tsiku lachiwiri linali la mkangano. Mnyamata wina wa zamakompyuta anati ife akuluakulu tikulondera khomo lolakwika. Anatchula Aldous Huxley ndi buku lake la mu 1932, momwe mulibe chikoti. Ana amapangidwa m'mabotolo, atagawidwa kale magulu kuyambira olamulira mpaka okolopa, aliyense ataphunzitsidwa m'tulo kukonda malo ake. Ukayamba kudandaula umameza kambulu kotchedwa soma, mtima n'kukhala m'malo. Mabuku akale ndi oletsedwa, koma palibe n'komwe wowafuna. Anakweza foni yake m'mwamba n'kufunsa kuti ndani anatikakamiza kugula ichi. Chimadziwa komwe tagona, amene tayankhula naye, ndalama zomwe tatumiza, ndipo nambala yake inalembetsedwa pa chiphaso chathu cha unzika. Galasi la Zamyatin tadzigulira tokha, ndipo timalilipirira bandulo sabata iliyonse.

Ena anati akukokomeza. Iye anawakumbutsa kuti boma la Zimbabwe linatseka intaneti mu Januwale 2019 pa nthawi ya zionetsero za mtengo wa mafuta, la Uganda linachita chimodzimodzi pa chisankho cha Januwale 2021, ndipo anansi athu a ku Zambia anapezeka WhatsApp ndi Facebook sizikugwira pa tsiku loponya voti, pa 12 Ogasiti 2021. Anatchulanso buku la Lauren Beukes wa ku South Africa la mu 2008, lomwe likuchitikira ku Cape Town ya m'tsogolo, momwe chilango choopsa ndi kudulidwa pa netiweki: foni ikazimitsidwa sungagule kanthu, sungakwere sitima, sungatsegule khomo. Pomwepo kalaliki wopuma uja anaseka n'kunena kuti limenelo ndi khadi lomwe lija, langovala batire. Holo yonse inaseka, koma kuseka kwake kunali kwa anthu omwe aponda paminga.

Mkangano weniweni unabuka pamene bambo wina ananena kuti tisamangonyoza zakale. Nthawi imene ija, anatero, mbava zinkaopa, misewu inali yosesa, feteleza ankapezeka, ana ankalemekeza akulu. Ufulu womwe tinausankha pa riferendamu ya mu Juni 1993 sudyedwa. Ena anafuna kumukhazika pansi. Ine ndikuti analankhula zomwe ambiri amalankhula m'minibasi, ndipo wolemba amene samva mawu amenewa alemba nkhani yabodza. Dziko lozondoka silikhala ndi mfuti zokha. Limabwera ndi malonda: ndipatse pakamwa pako, ndikupatse tulo tabwino. Ngodya zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, palibe ngakhale imodzi yomwe ili mawu oipa. Ukalemba wolamulira wa nyanga ndi mchira, wowerenga aseka n'kutseka buku. Ukalemba wolamulira amene akupereka chinthu chomwe wowerengayo akuchilakalaka lero, agona mochedwa.

Chakumadzulo tinagawidwa m'magulu, ine ndinalowa la nkhani za amayi. Margaret Atwood anayamba kulemba The Handmaid's Tale mu 1984 ali ku West Berlin, khoma logawa mzinda wa Berlin pakati lili chiimire, ndipo linatuluka mu 1985. Anadziikira lamulo loti saikamo nkhanza iliyonse yomwe sinachitikepo penapake m'mbiri ya anthu. Chitsanzo chomwe tinapatsidwa ndi Romania, komwe lamulo la mu 1966 la boma la Ceaușescu linaletsa kuchotsa pakati pofuna kuchulukitsa anthu, boma n'kumalondera mimba za amayi ngati nkhokwe zake. M'bukumo mtundu wa chovala ndiwo unena ntchito ya mkazi. Amayi a m'gulumo sanafunikire kumasuliridwa. Anakumbutsa lamulo la kavalidwe la mu 1973 loletsa akazi buluku ndi siketi yaifupi, ndi momwe ankatengedwera pa malole kukavina, kusiya ana ndi minda. Mtsikana wina anafunsa modekha kuti lamulolo linachotsedwa, nanga amene amavula akazi m'misika ndi m'madepoti masiku ano amatumidwa ndi boma liti? Palibe anayankha. Abambo tinali atatu m'gulumo, tonse tinapeza chochita ndi zolembera zathu.

Usiku anationetsa kafilimu ka ku Kenya ka mu 2009 ka Wanuri Kahiu, ka anthu okhala motsekeredwa patapita zaka 35 chichitikireni nkhondo yolimbirana madzi, momwe thukuta ndi mkodzo womwe amazisefa n'kumwanso, ndipo maloto amaletsedwa ndi mankhwala. Magetsi anazima chapakati, tinakamalizira pa laputopu ya munthu titaunjikana ngati pa moto. Wina anati Octavia Butler wa ku America analembanso za madzi mu 1993: nkhani yake imayamba mu 2024 ku California, madzi akudula, anthu akudzitchingira ndi mipanda, apolisi akulipiritsa asanabwere. Pamenepo boma silikupondereza, langosowa, ndipo makampani ndi magulu a zigawenga ndiwo atenga malo. Kwa ife amene tinaona namondwe Freddy mu Marichi 2023, mtundu uwu wa mantha ndi umene unandifika pafupi.

Ndisaiwale: wathu alipo. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, lomwe likuchitika mu Africa wa zaka mazana akudzazo, komanso anatsogolera ntchito yosonkhanitsa nkhani za olemba osiyanasiyana zolingalira Africa patapita zaka 500. Ndinachita manyazi kuti ndinkamva dzina lokha.

Tsono zomwe sizinandisangalatse. Msonkhano wonse unali m'Chingerezi, Chichewa chinkangotulukira anthu akapsa mtima kapena akamaseka, zomwe kwa ine zikunena kanthu. Chachiwiri ndi mabuku omwewo. Pafupifupi onse amene tinakambirana, mwini nkhani ndi munthu wa m'tauni wodziwa kulemba, injiniya, kalaliki, wasayansi. Kwa Orwell anthu wamba ndi 85 pa 100 alionse, koma timangowaona patali akuyanika zovala ndi kumwa mowa. Kwathu kuno anthu amenewo ndi amayi athu. Ndinafunsa kuti mlimi ali kuti m'nkhanizi, yankho lomwe ndinalandira linali lalitali koma lopanda kanthu.

Yankho lenileni linabwera tsiku lomaliza, kuchokera kwa mwana. Tinauzidwa kuti aliyense alembe tsamba limodzi la Malawi wa mu 2080. Ambiri, ine ndemwe, tinalemba zomwe tinaonera m'mafilimu: magalimoto owuluka pamwamba pa Lilongwe, asilikali achitsulo. Zinali ngati suti yobwereka. Mtsikana wina wa Fomu 4 analemba m'Chichewa za mudzi womwe mbewu ya chimanga simera mpaka utalipira pa foni, ndipo ukalephera mwezi umodzi mmera umafota m'munda mwako mokha, wa mnansi uli bii. Mawu oti njala analetsedwa, anthu amati nyengo yodikira. Nyakwawa ndi amene amasunga tchaja. Gogo wina ali ndi chisononkho cha chimanga cha makolo chomwe anachibisa m'denga la khitchini, chakuda ndi mwaye, ndipo mdzukulu wake wachiona. Nkhaniyo inathera pomwepo, mdzukulu ali pa mzere wa kusukulu, aphunzitsi akufunsa ngati pali amene waona zachilendo kunyumba. Munalibe loboti ngakhale imodzi. Atamaliza kuwerenga panapita kanthawi anthu asanaombe m'manja. Mayi wa ku yunivesite uja anati kuchotsa mawu m'kamwa mwa anthu kuti asowe potchulira vuto lawo ndi chimene Orwell anachitcha Newspeak. Mtsikanayo anati sanamuwerengepo.

Pempho langa kwa gulu ndi ili. Mwezi wa mawa, m'malo mwa ndakatulo za chikondi zomwe tazolowera, aliyense abwere ndi masamba awiri a m'Chichewa a mudzi wake kapena dera lake patapita zaka 50. Lamulo tibwereke la Atwood: musaikemo chomwe simungaloze mbewu yake lero, kaya ndi pa mjigo, pa mzere wa makuponi, pa ngongole ya pafoni kapena m'tchalitchi. Galimoto yowuluka ndiletsa ndine. Ndikupemphanso kuti tsiku limodzi tiitane akuluakulu atatu kapena anayi a kuno adzatifotokozere za khadi, za apayoniya, ndi za Lamulungu lija la mu Marichi 1992 pamene kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi, achinyamata athu alembe. Akuluakuluwa akutha, ndipo ana anga a Fomu 2 ena amaganiza kuti ndimapeka. Nkhanga zinapangana kusanapse. A wapampando, chonde muike ziwirizi pa ndandanda ya zokambirana, pamodzi ndi nkhani ya dzina ija. Ine voti yanga ndaponya kale pa dziko lozondoka.

Za ndalama: malisiti a minibasi ndi a malo ogona ndapereka kwa a msungichuma, kupatula la njinga ya kabaza ya ku Ntcheu, poti wakabaza sapereka lisiti. Yotsala ndinagulira mabuku awiri akale pa kaunjika wa mabuku, la Orwell ndi la Huxley. La Huxley lilibe masamba anayi omalizira, ndinazindikira ndili kale m'basi. Ali kwa a mlembi, wobwereka alembetse dzina ndipo asapitirire sabata ziwiri. Mtsikana wa chimanga uja ndinapempha chilolezo kwa aphunzitsi ake kuti nkhani yake tidzaiwerenge pagulu, akayankha ndikudziwitsani.

Ine wanu amene munamutuma.